Kacipangizo Kamene Sikanalire ku Chikangawa

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa mafumu ndi anthu ku Mtakataka.

Ena mwafunsa kuti zipangizo zimene asilikari agula ndi ndarama za msonkho wanu amaziyang'anira ndani. Ndiyankha ndi nkhani imene nonse muidziwa.

Pa 10 June 2024 ndege ya asilikari, Dornier 228, inanyamuka ku Lilongwe kunka ku Mzuzu itatenga Waciwiri kwa Pulezidenti, Dr. Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Inagwa m'nkhalango ya Chikangawa kuli nkhungu, ndipo onse anafa. Anaipeza m'mawa mwace.

Tsono mverani bwino. M'ndege mumakhala kacipangizo kamene nchito yace ndi imodzi yokha: ndege ikagwa, iko kamalira pa wailesi kuti ofunafuna adziwe pamene yagwera. Akatswiri a ku Germany amene Boma linaitana kudzafufuza anapeza kuti kacipangizoko kanalimo ndithu, koma batire yace inatha nthawi m'caka ca 2004. Zaka 20! Mwana wobadwa caka cimeneco ena mwa inu mwamumangitsa kale banja. Kanalinso ka mtundu wakale, kamene makina a mumlengalenga analeka kukamvera m'caka ca 2009. Anapezanso kuti mau a pa wailesi pakati pa oyendetsa ndege ndi a ku Lilongwe sanajambulidwe.

Kacipangizoko sikakadapulumutsa munthu ai, pakuti anafera pomwepo. Koma usiku wonse abale anali kudikira, asilikari ali kufunafuna m'thengo osadziwa malo eni eni.

Oyang'anira alipo. Malamulo akuru a dziko lino anaika komiti ya aphungu ya za citetezo, ndipo Mkuru wowerengera ndarama za Boma amapereka malipoti ace ku Nyumba ya Malamulo. Ena amati za asilikari nza cinsinsi. Zina ndi cinsinsidi, koma tsiku lothera batire si cinsinsi.

Ine ndiganiza kuti bvuto lace ndi lomwe lija la mjigo wa m'mudzi. Tsiku loutsegula pamakhala nthungululu ndi gule. Koma kamphira kakatha, wosonkha ndarama yogulira kena asowa, ndipo amai abwerera kudambo. Kugula cinthu catsopano kumakoma. Kucisamalira palibe akuombera m'manja.

Nkhaniyi ikukhudzani inunso. Livulezi kapena Nankokwe akasefukira, asilikari odzakupulumutsani adzaitanizana pa wailesi. Cifukwa cace phungu wanu akabwera ku Golomoti kapena ku Mua, musamufunse za feteleza yekha. Mufunseni kuti komiti ija inaona liti wailesi za asilikari, ndiponso ngati ndarama zozikonzera zinalembedwa m'bajeti ya caka cino.