Athandizi a Zaumoyo M'midzi Mwathu

Lero tikambirane za matenda okhalitsa, monga shuga, khunyu ndi kuthamanga kwa magazi. Matendawa safuna mankhwala a tsiku limodzi ayi, koma a masiku onse. Tsono munthu wokhala kutali ndi chipatala cha Chipata kapena cha Mwami, ulendo ukamkulira, amaleka mankhwala, ndipo nthenda imakula mwakachetechete.

Pofuna kufikitsa chithandizo pafupi, mu 2012 boma la Zambia linayamba kutumiza m'midzi athandizi a zaumoyo ophunzitsidwa chaka chimodzi ku Ndola. Iwowa amayendera makomo, kulangiza mabanja, ndi kutumiza kuchipatala odwala kwambiri.

Ana inu, kumbutsani agogo kumwa mankhwala ngakhale akupeza bwino. Aphunzitsi, itanani mthandizi adzalankhule m'kalasi mwanu.