Mwasamuka ndi mwana, anzake atsala: mumuthandiza bwanji?

(Mawu oyankhulidwa pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi mumzinda wa Lilongwe)



Nkhani yanga ndi ya mwana wa zaka 13 kapena 14 amene makolo ake angosamukira mumzinda wina. Kalata yotisamutsa pantchito ikafika, timawerenga ndalama za lole, timasaka nyumba ya lendi, timathamangira malo a sukulu. Mipando ndi mapoto zimakwera lole. Anzake a mwana uja sakwera nawo, ndipo ambiri a ife sitiwerengako kuti mwanayo wataya kanthu.

Kusamuka si kwachilendo m'dziko muno. Likulu la dziko litachoka ku Zomba kudza kuno mu 1975, mabanja ambiri a ogwira ntchito m'boma adalitsatira. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318 mu Lilongwe muno ndi 800,264 mu Blantyre. Apolisi, anamwino, aphunzitsi ndi asilikali amasamutsidwa chaka ndi chaka. Ana awo amafika mumzinda wodzaza anthu chotere koma wopanda ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina lawo.

Kamwana ka zaka 6 sikavutika: kakaona anzake akusewera fulaye kamangolowa. Wa zaka 13 ndi wina. Thupi likusintha, manyazi achuluka, ndipo chimene amaopa koposa ndi kusekedwa. Amapeza anzake m'kalasi adagwirizana kale kuyambira Sitandade 1. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi ambiri ndi odzaza, kotero mphunzitsi atha kutha teremu osadziwa kuti pali mwana amene amakhala yekha nthawi ya buleki. Kunyumba mudzaona akudzitsekera m'chipinda, akudandaula mutu m'mawa uliwonse, malikisi akutsika. Musafulumire kunena kuti ndi ulesi. Ndipo dziwani kuti mwana wosungulumwa amatsata aliyense woyamba kumusekerera, kaya ndi anyamata a chamba a paokala, kaya ndi bambo wagalimoto amene akufuna kuwononga mwana wamkazi.

Tsono ife makolo tikaona zoopsazi timatseka geti n'kunena kuti, "Usamacheze ndi anthu osawadziwa." Mantha amenewa tikudziwa komwe ena a ife tidawatenga. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi munthu ankaopa mnansi wake, poti sankadziwa amene akamunenere. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kuchigawo chawo, ndipo ana awo adazulidwa m'sukulu momwe adakulira. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri, ndipo malamulo oyendetsera dziko amene adabwera pambuyo pake amapatsa munthu aliyense ufulu wokhala paliponse m'dziko muno, woyankhula chiyankhulo chake ndi wosonkhana ndi amene wafuna. Koma m'nyumba zambiri mwana akatchula mnzake watsopano, funso loyamba limakhalabe lakuti, "Kwawo n'kuti? Ndi wamtundu wanji?" Demokalase imene imathera pageti la nyumba yathu sidzawathandiza ana athuwa.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, ubwenzi sulamulidwa. Kuuza mwana kuti "pita ukapeze anzako" n'kumutuma kumsika wopanda ndalama. Ubwenzi umamera pamene ana omwewo akukumana malo omwewo sabata ndi sabata, akuchita chinthu chimodzi. Malo otere alipo: kwaya, timu ya mpira wamiyendo kapena wamanja, kalabu ya zisudzo kapena ya zachilengedwe, SCOM ndi YCS m'sukulu za sekondale, Pathfinder kwa a Seventh Day, madrasa kwa Asilamu. Musamusankhire. Mufunseni chimene ankakonda komwe mwachokera, asankhe chimodzi, mumuperekeze tsiku loyamba, ndipo mugwirizane kuti apirire teremu yonse asanaganize zosiya. Pa timu safunika kudziwa kuyambitsa nkhani, mpira umamuyambitsira.

Chachiwiri, yambani ndinu. Ngati mwatha miyezi itatu ku Kawale kapena ku Area 25 osapereka moni kwa anansi, osaoneka pamaliro, osalowa mlaga kapena mphakati, mwana aphunzira kwa yani? Makolo akadziwana, ana amatumidwa mchere kunyumba ina, ndipo macheza amayambira pomwepo.

Chachitatu, tsegulani khomo. Lolani mwana aitane mnzake adzalembere limodzi ntchito ya kusukulu kapena adzamvere limodzi pawailesi masewero a Silver Strikers ndi Bullets. Nsima ikapsa muwapatse onse. Mnzakeyo mukamuona ndi maso anu, n'kudziwa makolo ake ndi komwe amakhala, mwamuteteza mwana wanu kuposa loko wapageti. Mwana amene mwamuletsa kucheza amachezabe, koma komwe inu simuona.

Chachinayi ndi chiyankhulo. Mwana wochokera ku Rumphi kapena ku Nsanje akafika kuno anzake amaseka Chichewa chake, ndipo wa kuno akapita ku Mzuzu amasowa cholowera anzake akayamba Chitumbuka. Musamuuze kuti abise kwawo. Amene akupita kumpoto aphunzire "monire" ndi "yewo" asanatsike basi, ndipo amene wabwera kuno adziwe kuti kuyankhula ziyankhulo ziwiri ndi chuma. Kuseka kukasanduka kuzunza, kaonaneni ndi mphunzitsi wamkulu msanga.

Chachisanu, anzake akale musamudule nawo. Ayimbirane foni, alemberane pa WhatsApp, akawaone patchuthi ngati thumba lilola. Koma foni ikhale ndi nthawi yake, chifukwa mwana amene mutu uli pafoni madzulo onse thupi lokha ndi limene lasamuka.

Kwa inu aphunzitsi pempho langa silifuna ndalama. Mwana watsopano musamuimike kutsogolo kuti kalasi yonse imuyang'ane. Musankhireni mwana mmodzi wofatsa woti akhale naye pafupi, amuonetse mjigo ndi zimbudzi, amubwereke makope kuti alembe zomwe adaphonya.

Ndipo tidekhe. Ena amapeza mnzawo sabata yoyamba, ena teremu imatha. Mnzake mmodzi weniweni ndi wokwanira poyambira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomaliza ndiyankhule ndi inu amene simunasamuke. Usiku uno, pakudya, funsani mwana wanu kuti m'kalasi mwake wabwera ndani watsopano, ndipo nthawi ya buleki amakhala ndi yani. Akayankha kuti amakhala yekha, mumuuze mawa akamuitane. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kalata yosamutsa ya chaka chamawa ikhoza kukhala ndi dzina lanu.