CHALICHI CA PA MISHONI YA BLANTYRE NDI MANDA ACE

Lero ndifuna kukamba za chalichi ca St Michael and All Angels, cimene ciri pambali pa mseu wocokera m'tauni ya Blantyre kunka ku Chileka, ndi za manda amene ali pafupi naco.

Amishoni a ku Scotland anafika pamalopa pa 23 October 1876. Amene anasankha malowa ndiwo a Henry Henderson, mothandizidwa ndi a Tom Bokwito, m'dziko la Mfumu Kapeni. Masiku amenewo kunalibe tauni ai, koma chire pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru. Anapacha Blantyre, dzina la mudzi umene anabadwirako Dotolo Livingstone.

Mu 1881 kunabwera Mbusa David Clement Scott, yemwe uja analemba buku lalikuru la matanthauzo a mau a Cimang'anja. Iwo sanaphunzire nchito ya umisiri, ndipo anthu amene anagwira nao nchito anali asanamangepo nyumba yotere. Komabe mu 1888 anayamba. Anakumba dothi pomwepo, naumba njerwa m'zikombole zamatabwa, naziocha ndi nkhuni. Akuti njerwazo ziri za mitundu 81. Panalibe mapulani olembedwa bwino. Cigawo ciri conse ankayamba aciyesa posanja njerwa zouma, ndipo cikaoneka kuti caima, ndiye ankacimanga ndi matope. Chalichi cinatsegulidwa pa 10 May 1891, kutalika kwace mafiti 106, ndipo kufikira lero anthu apembedzamo.

Tsopano tiyeni ku manda. Amene anayamba nchitoyi sanaione onse itatha. A Robert Cleland anamwalira ndi malungo mu 1890. Mu January 1891 khanda la a Henderson linagwidwa ndi nthenda ya pakhosi yochedwa diphtheria. Dotolo John Bowie, amene anali amalume a mwanayo, anamuboola pakhosi naikapo kampope kuti apume, ndipo pamene kampopeko kanatsekeka anakayamwa ndi pakamwa pao. Mwana anamwalira, amace anamwalira, ndi dotolo yemwe. A Henderson anauyamba ulendo wa kwao, koma anakafera ku Quelimane mwezi wotsatawo. Banja linatha, kutatsala miyezi itatu yokha kuti chalichi citsegulidwe. Amai, nthenda imeneyi lero iri ndi katemera; musalephere kupita nao ana ku sikelo.

Pambuyo pace malowa anakula. Sukulu ya Henry Henderson Institute, imene tiicha H.H.I., inatsegulidwa mu 1909. Mu 1911 a Harry Kambwiri Matecheta ndi a Stephen Kundecha anadzozedwa kukhala abusa oyamba Acifirika a mishoniyi. Mu 1924 mipingo ya Blantyre ndi Livingstonia inagwirizana kupanga C.C.A.P., ndipo Nkhoma inalowa mu 1926. Tauni nayo inakula mpaka kuzinga mishoni mbali zonse, kotero kuti pamene panali chire tsopano pali nyumba ndi magalimoto.

Nanga nkhaniyi ikutikhudza bwanji ife a kumudzi? Taonani: mbiri ya azunguwa taidziwa cifukwa inalembedwa m'mabuku ndi pa miyala. Koma ndani mwa ife angachule maina asanu a anthu amene anaponda dothi, kusenza nkhuni ndi kusanja njerwa za chalichi cija? Manja anali ao, koma maina tawaiwala.

Zomwezi zingacitike kwanu. Pafupifupi mudzi uli wonse uli ndi kachalichi kace ndi manda ace. Alipo mphunzitsi amene anayamba sukulu pansi pa mtengo, ndi mfumu imene inapereka malo, ndi amai amene anatunga madzi oumbira njerwa. Okalamba amene awakumbukira alikutha mmodzi mmodzi. M'malo ena mitengo ya ku manda aidula kuti aochere njerwa, moto wolusa upita pamitumbira caka ndi caka, ndipo minda yafika m'malire. Mtumbira ukafafanizika, palibe angaubwezere.

Cifukwa cace ndipempha zinthu zitatu. Aphunzitsi, gulani kope limodzi, mutume ana a sukulu kwa agogo ao kukafunsa amene anamanga chalichi, caka cace, ndi amene anagona ku manda. Kopelo lisungidwe ndi akulu a mpingo. Mafumu, onetsani malire a manda pamaso pa anthu onse, ndi kuletsa nkhwangwa kumeneko. Ndipo mudzi wonse, mfumu ikalola, ulambule njira yochinga moto udzu usanaume, m'mwezi wa May kapena June.

Mukapita ku Blantyre kukagulitsa mbeu kapena kukaona abale, patukirani pa mishoni, mukaone ndi maso anu cimene makolo athu anamanga ndi dothi la pansi pano.