Dzuwa, Ndiwo ndi Mafupa a Akazi

Lero tikamba za mafupa a akazi, kuyambira buthu kufikira nkhalamba.

M'thupi mwa munthu mufunika chinthu china chimene madokotala achicha vitamini D. Khungu lathu limachipanga lokha pamene dzuwa liliomba, ndipo pang'ono chimapezeka m'mazira, m'chiwindi ndi m'nsomba za mafuta. Nchito yache ndiyo kuthandiza matumbo kutenga kashiamu wa m'zakudya, ndiye mchere umene ulimbitsa mafupa. Kale ku Ulaya, m'mizinda yakuda ndi utsi, ana ambiri anali ndi matewe chifukwa chosowa dzuwa, ndipo m'chaka cha 1919 dokotala wa ku Berlin, dzina lache Huldschinsky, anawachiritsa powaunika ndi nyale yapadera ya kuwala konga kwa dzuwa.

Wina adzaseka nati, "Kodi ife a kuchigwa kuno tingasowe dzuwa?" Zoonadi, mai amene atola thonje kapena kutunga madzi ku mtsinje wa Mwanza salisowa. Koma vitamini D ali ngati munthu wosenza dengu: m'munda mukapanda mapira, afika kunkhokwe chimanjamanja. Nsima yodyera mchere wokha siimanga mafupa, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Pafunika matemba ndi usipa zodyera pamodzi ndi minga yache, bonongwe, chitowe, malambe ndi mkaka wa mbuzi.

Msungwana amadzaza nkhokwe yache ya mafupa pamene ali kusinkhuka. Mafupa a m'chiuno akakula opindika, tsoka lache lidzaoneka pa tsiku lobereka, mwana atakanika kutuluka. Chifukwa chache musamgawire msuzi wokha, nsomba zonse zitapita m'mbale ya abambo.

Mai wapakati ndi woyamwitsa amanganso mafupa a mwana. Mwambo uja womletsa mazira, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi, umangomana mai chakudya chabwino; tsitsi silithothoka ndi dzira ai. Mapiritsi amene alandira ku sikelo ndi oonjezera magazi, si a vitamini D. M'chaka cha 2016 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti sikufunika kuti mai wapakati aliyense azimwa mapiritsi a vitamini D. Dokotala ndiye aona amene wapereweredwa. Musagule kwa ogulitsa oyendayenda, pakuti mapiritsi amenewa akachuluka m'thupi aononga impso.

Amene tiwaiwala kwambiri ndiwo agogo. Mkazi akasiya kusamba, mafupa ache ayamba kufumbwa ngati nsichi yodyedwa ndi chiswe, ndiponso khungu lokalamba silipanga vitamini D wambiri monga kale. Tsono maso akachita khungu, miyendo ikalema, adzukulu amawasiya m'nyumba tsiku lonse, chitseko chiri chotseka, iwo ali kumunda. Apo ndipo munthu asowa dzuwa pakati pa dziko la dzuwa. Tsiku lina aterereka pakhomo, fupa la m'chiuno thyo! Inu mudziwa kutalika kwa ulendo wa ku chipatala chachikulu ku boma la Chikwawa, makamaka m'dzinja Mwanza atadzaza, ndipo nkhalamba zambiri zikathyoka chotero siziyendanso.

Aturutseni tsiku ndi tsiku akhale pabwalo kanthawi, manja ndi miyendo ziri poyera, dzuwa lisanafike paliombo. Chimodzimodzi odwala a nthawi yaitali. Koma khanda musaliike padzuwa loopsa la mwezi wa October, ndipo munthu wachialubino asaothere dzuwa konse, pakuti limuyambitsa khansa ya pakhungu. Iyeyo afunse kuchipatala.

Inu anyakwawa, pa msonkhano wa mudzi werengani nyumba zimene muli nkhalamba yosaturuka, ndipo mutume mlangizi wa zaumoyo akaione. Mkazi amene amva kuwawa m'mafupa, kapena alephera kudzuka pamphasa popanda kugwira khoma, apite naye ku chipatala cha Chapananga.