MLANDU UMENE MULUNGU ADAUTHA

Mau olankhulidwa kwa akristu ndi akatekisiti a m'chigwa cha Bwanje pa tsiku la Jubile

Mwatipatsa danga lakuti tinenepo mau pa chikondwerero chino cha Misioni yathu, ndipo ife tasankha kunena za chinthu chimodzi, ndicho chikhululukiro cha Mulungu, ndi njira imene chiyendamo pochoka m'nyumba ino ya mapemphero kunka ku midzi yathu.

I. JUBILE NCHIANI?

Mau awa akuti Jubile adachokera kwa Aisraele. M'buku la Levitiko, mutu 25, Mulungu adawalamula kuti zikatha zaka 49, chaka cha 50 chikhale chopatulika. Pa chakacho lipenga linkalira m'dziko lonse. Munthu amene adagulitsa munda wa makolo ake chifukwa cha umphawi ankabwezeredwa mundawo, ndipo amene adadzigulitsa ukapolo kwa mbale wake ankamasulidwa nabwerera kwao. Chotero Jubile chidali chaka chakumasulana. Tsono ngati ife lero tabvala nsalu zatsopano, taimba, tadya nyama, koma madzulo tibwerera kumudzi tiri chimangire anzathu m'mitima, pamenepo tachita phwando lokha, Jubile sitidaichite ai.

II. KUMENE TACHOKERA

Makolo athu ali ndi mau akuti mlandu suola. Ndi mau oona, pakuti kale munthu akalakwa namwalira osalipa, mlandu unkatsalira abale ake. Ndipo posowa mbuzi kapena makasu, nthawi zina ankapereka munthu wamoyo kuti akhale kapolo wa eni mlandu. Dziko lino la Ntcheu lidaona milandu yaikuru yotere. Angoni a kwa Maseko adagonjetsa midzi yambiri natenga anthu ake. Mafumu awiri a banja limodzi, Chikuse ndi Chifisi, atamwalira m'chaka cha 1891, ana ao, Gomani ndi Kachindamoto, adamenyana nkhondo zaka zingapo, kufikira anthu a Kachindamoto adakakhazikika kunsi ku Mtakataka. Ndipo m'mwezi wa October 1896 asilikali a Boma la Angelezi adagwira Inkosi Gomani namupha.

Taonani tsono, zisanathe zaka zisanu chiphedwere mfumu yao ndi azungu, pa 25 July 1901, azungu ena atatu, ansembe a chipani cha Montfort, ndiwo Abambo Bourget, Prézeau ndi Winnen, adafika kwa mfumu Njobvuyalema opanda asilikali, ndipo mfumu ya Chingoniyo idawapatsa malo ku Nzama. Mfumu idali nazo zifukwa zake za ufumu, monga mafumu onse. Koma Mulungu adalowera pa khomo lomwelo. Alendowo adayenera kukhala pansi ngati ana ndi kuphunzira chinenero chathu, anthu alikuwaseka akaphonya mau. Chaka chotsatacho, 1902, ansembe a White Fathers adamanga ku Mua, pakati pa anthu a Kachindamoto. Ndipo kufupi ndi Mua komweko kudachokera Kornelio Chitsulo, amene adadzozedwa unsembe mu 1937 ndi uepiskopi mu 1957, woyamba wa mtundu wathu pa maudindo onse awiriwo, nakhala mbusa wa ku Dedza, woweta anthu a Gomani ndi a Kachindamoto m'khola limodzi.

Tikumbukenso kuti abale athu a mipingo yina adayamba kulalikira m'dziko lino tisanafike ife, ku Livulezi, ku Ntonda, ku Dombole ndi ku Gowa. Ndipo padali masiku amene aphunzitsi a mbali zonse ankalimbirana midzi ndi masukulu, naiwala kuti atchula Ambuye mmodzi. Lero timalira maliro pamodzi ndi kutunga pa mjigo umodzi. Yang'anani amene mwakhala naye pa mpando: zidzukulu za ogwira anthu ndi zidzukulu za ogwidwa zagwada pamodzi, ndipo palibe afunsa mnzake za mlandu wa agogo. Milandu imene anthu adati siidzaola, Mulungu adaitha.

III. KUKULA KWA MANGAWA ATHU

Kodi adaitha bwanji? Petro adafunsa Ambuye Yezu ngati kukhululukira mbale kasanu ndi kawiri nkokwanira, ndipo Ambuye adamuyankha ndi chiwerengo chachikuru chotere kuti munthu aleke kuwerenga. Pamenepo adamphera fanizo, limene liri pa Mateyo, mutu 18, la kapolo amene adali ndi mangawa a matalente 10,000 kwa mfumu yake. Ife aphunzitsi tikonda masamu. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Dinari imodzi idali malipiro a munthu waganyu pa tsiku, ndipo talente imodzi idali ngati madinari 6,000. Chotero mangawa a kapolo uja adali malipiro a masiku 60,000,000, amene munthu sangawagwirire ganyu ngakhale pfuko lake lonse litamthandiza. Mfumu idamchitira chisoni nimkhululukira zonse. Koma iye poturuka adakomana ndi kapolo mnzake amene adamkongola madinari 100, ndiwo malipiro a miyezi itatu kapena inai, namgwira pakhosi, namtsekera m'ndende.

Ambuye sadanene kuti madinari 100 ndi chinthu chachabe ai. Ganyu ya miyezi itatu ndi thukuta lambiri, ndipo wolakwiridwa amamva kuwawa koona. Chimene adafuna kutionetsa ndi ichi, kuti tisanayese mlandu wa mnzathu tiyambe tayesa wathu. Mulungu adatikonda tisanapepese, natuma Mwana wake kudzasenza mangawa athu pa mtanda. Ndipo pa sakramenti la kulapa atimasula chaka ndi chaka, osatifunsa mbuzi kapena nkhuku. Munthu amene wazindikira ichi, dzanja lake limalefuka pofuna kugwira mnzake pakhosi.

IV. MADINARI 100 A KUNO KU BWANJE

Tsono titsike kumudzi, pakuti kumeneko ndiko chikristu chathu chiyesedwa. Milandu yathu tiidziwa tonse. Mbuzi za mnansi zalowa m'dimba usiku ndi kutha ndiwo zimene mai adathirira miyezi iwiri. Ng'ombe zapondereza thonje. Mtsinje wadzaza nufafaniza malire, ndipo pobzala wina walowetsa mizere iwiri m'munda wa mnzake. Wina adabwereka thumba la chimanga mwezi wa njala nalonjeza kubweza akagulitsa thonje. Thonje lagulitsidwa, iye alikuzemba njira. Mwamuna adapita ku Joni nakhala chete zaka zambiri, ndipo wabwera manja ali zii, ana atakula osamdziwa. Pa milandu yotere mabanja ena akhala zaka osapatsana moto, ngakhale alandira Ukaristia pa Misa imodzi. Ndipo ana ao, amene ife tiwaphunzitsa m'sukulu, adana osadziwa chimene adanirana. Nkhuyu zodya akulu zayamba kupota ana.

Pali milandu yina yolemera koposa. Okalamba akumbuka njala ya 1949, ndipo ambiri a ife tidaona ya 2002, pamene m'madera ambiri a dziko lino anthu ogwidwa ndi chimanga chachiwisi cha eni adamenyedwa koopsa, ena adadulidwa makutu kapena zala, ena adafa kumene. Njala idatha, koma wakuba ndi womenya adatsala m'mudzi umodzi, ndipo onse awiri ali nacho chakupepesa. Zaka zapita zambiri. Ngati pali nyumba zimene sizidalankhulanebe chiyambire chaka chija, Jubile ino ndi yao.

Choopsa china chiturukira pa maliro. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, mtima wosweka ufuna munthu womloza chala, ndipo kawirikawiri chala chigwera nkhalamba yosauka yopanda woiteteza. Lamulo la Boma la chaka cha 1911 lidaletsa kunenera munthu ufiti, komabe m'mwezi wa January 2016, ku Neno, kwa anansi athu, nkhalamba zinai zidaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Apa palibe ngakhale dinari imodzi imene nkhalambazo zidakongola. Mkristu akamva mau otere ayamba kunong'onedwa pasiwa, asakhale chete. Aimirire pafupi ndi agogowo, awalowetse m'nyumba mwake, aitane mfumu. Chikondi chimene Ambuye atifunsa pa tsiku lotere ndi chimenecho.

V. AYAMBE NDANI?

Tonse tibvomera kuti kukhululukirana nkwabwino. Chotibvuta ndi funso lakuti ayambe ndani. Wamkuru ati, ine sindingagwadire mwana. Mwamuna ati, ndikapepesa kwa mkazi anzanga adzandiseka. Wolakwiridwa ati, abwere yekha, njira aidziwa. Chotero onse akhala pa makonde ao kudikirana, kufikira mmodzi amwalira, ndipo wotsalayo alira pamanda mau amene akadanena pa khonde.

Yankho tiliona Lachinai Loyera lirilonse, pamene wansembe agwada ndi kusambitsa anthu mapazi, potsata chimene adachita Ambuye usiku umene adaperekedwa. Iye ndiye adali wamkuru, Iye ndiye adali wolakwiridwa, ndipo Iye ndiye adayamba kugwada; ndipo pakati pa mapazi amene adasambitsa padali a Petro amene adadzamkana ndi a Yudasi amene adadzampereka. Kudzichepetsa ndiyo miyendo ya chikhululukiro. Popanda iko chikhululukiro chingokhala m'kamwa.

Atsatiri ake adachita chimodzimodzi. Ku Uganda, pa 15 November 1885, Joseph Mukasa Balikuddembe, kapitao wa m'nyumba ya mfumu Mwanga, popita kukaphedwa adatumiza mau kwa mfumuyo akuti waikhululukira, koma ilape. Papa John Paul II, amene adadzacheza m'Malawi muno m'mwezi wa May 1989, adaomberedwa mfuti pa 13 May 1981; ndipo m'mwezi wa December 1983 adapita yekha kundende kukacheza ndi munthu amene adamuombera, Mehmet Ali Ağca. Ngati iwo adanyamuka pa mlandu wa mwazi, kodi ife tidzalephera pa mlandu wa mbuzi?

Koma pasakhale wosokoneza mau athu. Kukhululuka sikubisa choipa ai. Balikuddembe adakhululuka, komanso adauza mfumu kuti yalakwa. Wolakwa abweze chimene adaononga, monga Zakeyo adalonjeza kubweza kanai zimene adalanda. Mwini mbuzi apereke mbeu zina, wolowa m'munda abweze mizere. Ndiponso mai amene amenyedwa m'nyumba tisamuuze kuti angopirira ndi kukhala chete; ankhoswe amve, mfumu imve, ndipo pakafunika apolisi amvenso, pakuti kuleka munthu achimwirechimwire si kumkonda. Chimene mkristu ataya ndicho chifuno chakubwezera, ndi kusunga mlandu kuti audzasiyire ana ake ngati chuma.

VI. KWA AKATEKISITI NDI KWA IFE TONSE

Inu akatekisiti ndi akuluampingo a m'miphakati, ansembe afika ku midzi yakutali kamodzikamodzi, koma inu muli komweko masiku onse, ndipo mudziwa nyumba iriyonse imene iri ndi mfundo. Ntchito yanu siithera pa kuphunzitsa katekisimu ndi kutsogolera mapemphero a Lamulungu. Pitani kwa okanganawo mmodzimmodzi, madzulo, popanda khamu. Mverani nthawi yaitali musanayankhe. Musatenge mbali chifukwa cha chibale kapena mphatso. Ndipo zimene mwamva zisaturuke pakamwa panu pa chitsime kapena pa msika. Mukawakomanitsa, mwambo wa makolo uli nazo zotithandiza: kukhala pansi pamaso pa mboni, kuomba m'manja popepesa, ndi kudyera m'mbale imodzi mlandu utatha. Zimenezi Eklezia sazikana, tingoonjezapo pemphero. Ndipo ngati inu eni muli ndi munthu amene simulankhulana naye, yambirani pamenepo, pakuti anthu amamvera mapazi a mphunzitsi koposa pakamwa pake.

Kwa ife tonse tipempha chinthu chimodzi. Yense aganize dzina limodzi lokha, la munthu amene mtima wake umamangika akamuona alikubwera m'njira. Isanathe sabata ino, mvula isanatibalalitsire ku minda, tipite kwa iye, ngakhale ife ndife akulu, ngakhale ife ndife olakwiridwa. Kapena sadzatilandira tsiku loyamba, tidzapitenso. Makolo omwe aja amene adati mlandu suola adatinso chibale ndi fupa, sichiola. Ndipo mwa ubatizo tidasanduka abale a mwazi umodzi, ndiwo mwazi wa Ambuye.

Amene adzasonkhana pano pa Jubile yotsatayo, ambiri a iwo ndi ana amene akhala pansi kutsogoloku. Tiwasiyire minda yodziwika malire ndi mabanja opatsana moto. Mulungu Atate amene adatikhululukira mangawa osawerengeka, atipatse mtima wa Mwana wake ndi mphamvu ya Mzimu Woyera, kuti tikachite kumudzi zimene tamva muno. Amen.