Chipinda Chimodzi, Banja Lonse

Lero tilingalire za mabanja okhala m'chipinda chimodzi cha lendi ku Ndirande, ku Mtandire ndi ku Chinsapo. M'chipinda chomwecho agonamo, aphikiramo pa mbaula mvula ikamagwa, ndipo cholekanitsa makolo ndi ana ndi nsalu yopachika. Chimbudzi n'chimodzi, mabanja ambiri.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 980,000 mu mzinda wa Lilongwe, koma nyumba sizichuluka monga achulukira anthu. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zidakwera mtengo, lendi nayo idatsatira, pamene malipiro a mlonda ndi waganyu adatsalira m'mbuyo.

Papa Francis, pocheza ku Kangemi mu mzinda wa Nairobi mu 2015, adakumbutsa kuti malo, nyumba ndi ntchito ndi ufulu wa munthu aliyense.

Tsono inu eninyumba, chipinda chimene muchiyesa ndalama ndicho mudzi wa mnzanu. Musanakweze lendi, khalani naye pansi, mumpatse nthaŵi. Konzani denga lodontha, kumbani chimbudzi chachiŵiri. Musamzulire chitseko chifukwa cha mwezi umodzi.

Ambuye akudalitseni nonse.