Pepala la inshuwalansi silimanga mabuleki

Bwana DC wa boma lino la Mwanza, mafumu athu a kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati, akuluakulu a polisi ya pamsewu, a nthambi ya Road Traffic ndi a MRA, oimira makampani a inshuwalansi, eni mathiraki, madalaivala ndi amakaniko, amayi ndi abambo.

Nkhani imene tasonkhanira payi kwawo ndi kuno. Katundu wotsika m'sitima ku Beira, ndi wochokera ku Durban kudzera ku Beitbridge ndi ku Nyamapanda, amaoloka Zambezi pa Tete, n'kudutsa Moatize ndi Zobue, ndipo dothi la Malawi amayamba kuliponda pa chipata chathu chino asanatsike ndi msewu wa M6 kupita ku Zalewa. Pakati pa mafuta ndi feteleza pamadutsanso makatapila, magireda, majenereta ndi zipangizo zikuluzikulu za magetsi, zina zotambalala moti galimoto yokumana nazo imayenera kupatuka. Onsewa amadutsa pamene amayi akugulitsa manachesi m'mbali mwa msewu, pamene ana akuoloka kupita kusukulu, pamene anyamata a kabaza akudikirira makasitomala. Mfundo yanga ndi imodzi: inshuwalansi ndi kusamala galimoto n'zosalekanitsika, ndipo mwini thiraki amene amalipira chimodzi n'kunyozera chinacho wataya ndalama zake pa zonse ziwiri.

Tiyambe ndi pepala lenilenilo, chifukwa ambiri amaligula osaliwerenga. Lamulo la pamsewu la 1997 limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi ya third party. Imeneyi ndi yolipira munthu wina amene galimoto yanu yamuvulaza kapena kumuonongera katundu, ndipo ili ndi malire a ndalama zimene ingapereke. Siikonza thiraki yanu, komanso siikhudza katapila wa eni ake amene mwasenza pa lowbed. Katunduyo amafuna inshuwalansi yakeyake ya katundu wa paulendo, ndipo amene alibe akamugwetsa pa phiri amalipira ndi za m'thumba mwake, mwinanso kugulitsa mathiraki otsala. Mukatuluka m'dziko, nkhani imasinthanso. Yellow Card ya COMESA, imene inayamba kugwira ntchito mu 1987, imakuthandizani ku Zimbabwe ndi ku Zambia, koma Mozambique inatuluka mu COMESA, motero pa Zobue pamafunika inshuwalansi yovomerezeka ndi malamulo a kumeneko. Imeneyo muzigula kwa oimira kampani odziwika, musamangopereka ndalama kwa aliyense wokuthamangirani ndi chikwama pa boda, chifukwa pepala labodza limadziwika tsiku la ngozi, nthawi itatha kale.

Pali msampha wina umene wakola ngakhale anthu okhulupirika. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mathiraki ndi makina olemera timagula kunja, choncho mtengo wake m'makwacha unakwera, koma eni ambiri anapitiriza kulemba mtengo wakale pa fomu pofuna kuti zolipira zisakwere. Tiyerekeze kuti makina anu lero ndi a K400 miliyoni koma munalembetsa K200 miliyoni. A inshuwalansi amawerenga kuti theka la chiopsezo munalisenza nokha, ndiye pakaonongeka za K100 miliyoni angakupatseni K50 miliyoni yokha. Mudzati akuberani, pamene zinalembedwa m'pangano limene munasaina.

Tsopano ndifike pa galimoto. Pangano la inshuwalansi limaima pa chikhulupiriro chakuti thiraki ili bwino, ili ndi COF yeniyeni (chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu), dalaivala ali ndi laisensi yoyenera kukula kwa galimotoyo, katundu sanapyole muyezo, ndipo ngati ndi wotambalala kapena wolemera mopitirira, pali chilolezo chapadera ndi galimoto zoperekeza. Chimodzi mwa izi chikasowa, kampani imakhala ndi poyambira kukana kulipira galimoto ndi katundu wanu. N'chifukwa chake ndimati amene amagula COF thiraki ili pa galaja akudzinamiza yekha. Wadutsa pa rodibuloko, inde, koma mabuleki akakana pa mtsetse ofufuza a inshuwalansi adzayang'ana mabuleki omwewo ndi matayala operepeseka, osati chidindo. Za sikelo nazo tisazione ngati chizunzo. M'chigawo chino cha Africa thiraki ndi ngolo zake siziyenera kupitirira matani 56, ndipo ekiselo iliyonse ili ndi muyezo wake. Akatswiri atayesa misewu ku Illinois m'dziko la America pakati pa 1958 ndi 1960 anapeza kuti mukawirikiza kawiri kulemera kwa pa ekiselo imodzi, msewu umaonongeka pafupifupi ka 16. Matani ochepa amene mwaonjezera kuti ulendo upindule ndi amene amakumba maenje pa M6, ndipo maenjewo amathyola masipuling'i a thiraki yanu yomwe, kenako tonse timalipira kudzera mu msonkho wa pa mafuta.

Mabuleki abwino sapulumutsa ngati wowaponda watopa kapena wasowa pogwira. Pa 17 November 2016, ku Caphiridzange m'boma la Moatize, ku Mozambique, tankala imene inkabweretsa mafuta ku Malawi kuchokera ku Beira inapatutsidwa pa msewu, anthu n'kuyamba kukapa mafuta. Inaphulika, ndipo anthu oposa 70 anafa, ena ambiri n'kupsa koopsa. Palibe chipukuta misozi chimene chingakwane pa maliro otere. Ngozi imeneyi ikutiphunzitsa kuti mwini kampani ayenera kudziwa pamene galimoto yake ili ola lililonse, ndipo zipangizo zolondolera galimoto zilipo. Ikutikumbutsanso za malipiro. Sindikuikira kumbuyo dalaivala wakuba mafuta, koma dalaivala amene mwamutumiza ku Beira ndi ndalama ya paulendo yosakwana, n'kumusiya pa mzere wa pa boda masiku angapo, kenako n'kumuimbira foni kuti ayende usiku wonse, mwamuika pa mayesero ndiponso pa ngozi. Inu madalaivala, muli ndi ufulu wokana kukwera galimoto yopanda mabuleki, ndipo abwana anzeru amathokoza dalaivala wotere.

Ndikudziwa zimene eni mathiraki mukuyankha mumtima. Mukuti mafuta akwera, ndalama zakunja zogulira masipeya n'zosowa, makampani akunja akukulandani katundu potchipitsa, ndiye inshuwalansi yokwanira muitenga kuti? Dandaulo limeneli ndi loona. Koma taonani amene ali ndi katundu wa mtengo wapatali: makampani a migodi, omanga misewu ndi milatho, oika zipangizo za magetsi ngati za mzere wa Matambo mpaka ku Phombeya umene ukudutsa m'boma lino. Amenewa asanakupatseni ntchito amafuna kuona mapepala a inshuwalansi, mbiri ya ngozi ndi kaundula wa kukonza magalimoto. Kampani ya Mmalawi imene ilibe zimenezi imatsala ndi katundu wa phindu lochepa, ntchito yonona n'kupita kwa alendo omwe tikuwadandaulawo. Komanso inshuwalansi ili ngati thumba la maliro la pamudzi: onse amasonkha, wogwa m'mavuto ndi amene amatapamo. Ngozi zikachuluka chifukwa cha osasamala ochepa, zosonkha zimakwerera aliyense.

Dandaulo lachiwiri ndi lakuti a inshuwalansi amafulumira polandira koma amazengereza polipira. Apa ndiyankhule ndi inu oimira makampaniwa. Mayi wa kwa Nthache amene mwamuna wake wagundidwa ndi thiraki sadziwa kuti ofesi yanu ili pati ku Blantyre, ndipo akamayendetsedwa miyezi ndi miyezi pofuna lipoti ili ndi lija, mbiri imafala kuti inshuwalansi ndi chinyengo. Fotokozani mapangano anu m'Chichewa munthu asanasaine, lipirani msanga zimene zili zoonekeratu, ndipo mwini thiraki amene wakhala zaka popanda ngozi mumutsitsire mtengo kuti anzake aone phindu la kusamala. Amene mwakanizidwa popanda chifukwa chomveka musangokhala: makampaniwa amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo kumeneko kumalandiridwa madandaulo.

Dandaulo lachitatu limanenedwa monong'ona, lakuti wotsata malamulo amapusa chifukwa mnzake amangopereka ya fanta pa sikelo n'kudutsa. Inu a yunifolomu, thiraki imene mwaimasula mutalandira kanthu imakadutsa pa msika pamene akazi anu akugula ndiwo. Ndipo inu opereka, ziphuphu zimatha mukaleka kutulutsa chikwama.

Pempho langa ndi ili. Eni mathiraki, sabata ino tsegulani mafayilo anu, muone ngati mtengo umene munalembetsa ukugwirizana ndi wa lero, ndiponso ngati katundu amene mumanyamula ali pa inshuwalansi. Thiraki iliyonse iyesedwe mabuleki, matayala ndi matcheni omangira katundu isanatuluke pa geti, ndipo zilembedwe. Mafumu athu, uzani anthu anu kuti tankala ikagwa azithawira kutali, asathamangireko ndi zigubu. Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti msonkhano wathu watsegulidwa.